Kampata kaja ndinkakajambula pa bolodi

Pepani, ndakhala chete miyezi ingapo. Ena mwakhala mukufunsa ngati ndikudwala. Ine ndili bwino. Amene sakupeza bwino ndi bambo anga, ndipo lero ndikufuna ndilembe za iwowo, ngakhale kuti nkhaniyi ikafika ndithu ku bayoloje. Mukundidziwa kale.

Amene ndinakuphunzitsani mukukumbukira chithunzi chija cha synapse. Ndinkajambula nsonga ya selo la mtsempha ngati kachibonga, mkati mwake timatumba tozungulira, kutsogolo kwake kampata, ndipo tsidya linalo selo lachiwiri. Ndinkakuuzani kuti maselo awiriwa sagundana, uthenga umawoloka kampatako ndi mankhwala otuluka m'timatumba tija. Inu munkakopera, ine ndinkachonga, funsolo likabwera pa MSCE munkatola mamalikisi anu atatu. Ndajambula chithunzi chimenechi kwa zaka 19, ndipo ndivomereze kuti kwa ine chinali chithunzi chopezera mamalikisi basi.

Bambo anaphunzitsa ku pulayimale zaka 34, ndipo anapuma ntchito ali ahedi. Anali munthu wa dongosolo mpaka kutopetsa. Kabuku ndi cholembera sizinkachoka m'thumba la shati. Kuyambira tsiku limene ndinayamba ntchito, anasiya kundiitana dzina langa, ankangoti "aphunzitsi".

Patchuthi cha Khirisimasi mu 2021 ndinapita kumudzi. Titapatsana moni pakhonde, anandifunsa kuti, "Mwabwera pa basi yanji, aphunzitsi?" Ndinayankha. Mayi atabweretsa madzi osamba m'manja anafunsanso. Tikudya anafunsanso. Atafunsa kachisanu ndinataya mtima, n'kukweza mawu kuti, "Bambo, ndakuuzani kale kanayi konse!" Iwo anakhala chete, nayang'ana zikhatho zawo. Kenaka anati, "Pepani, aphunzitsi." Munthu amene anandiphunzitsa kugwira pensulo anandipepesa pakhonde la nyumba yake. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi chakudya chimandikanika.

Chimene chinatisokoneza tonse n'chakuti sankaiwala zonse. Ankatchula mayina a ana a sitandade 8 a chaka cha 1979 motsatana monga analili m'kaundula, ndi midzi imene ankachokera. Ankakumbukira mtengo umene anagulira njinga yawo yoyamba. Koma akadya phala m'mawa, pofika 9 koloko ankadandaula kuti mayi akuwamana chakudya. Mayi ankati, "Akuchita dala awa. Zimene akufuna amakumbukira." Inenso mumtima ndinkaganiza chimodzimodzi. Azakhali ankati pali munthu wawachita chipongwe chifukwa cha munda wa kudambo.

Kenaka tsiku lina mbandakucha anavala jekete n'kutuluka, akuti akukatsegula ofesi ana asanafike. Anasochera, ndipo anapezeka ataima kuseri kwa nyumba ya eni ake kudakali mdima. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa dzina limene anthu amapatsa nkhalamba yopezeka kuseri kwa nyumba ya wina usiku. Sitinaiwale kuti mu 2016 ku Neno okalamba 4 anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti. Uthenga utandipeza kusukulu ndinasiya kalasi pakati.

Kuchipatala anawayeza BP, shuga ndi magazi. Dokotala anawauza mawu atatu kuti awasunge, n'kuwapempha kuti ajambule wotchi. Manambala onse 12 anawaunjika mbali imodzi, ndipo mawu atatu aja sanabwere ngakhale limodzi. Dokotala anati ndi dementia, ndipo zikuoneka kuti ndi ya mtundu wa Alzheimer's. Tinasonkherana ndalama n'kukawajambulitsa mutu ndi makina a CT mu tauni. Zotsatira zinati mulibe chotupa, simunakhe magazi, ubongo wangochepako monga zimakhalira pa msinkhu wawo. Mayi atamva anati, "Ndiye kuti palibe matenda." Ine, mphunzitsi wa bayoloje, ndinasowa chowayankha.

Amene anandithandiza ndi mmodzi wa inu, mtsikana amene ankakhala kutsogolo kufupi ndi zenera, panopo akuchita maphunziro apamwamba kunja. Ananditumizira zolemba za kafukufuku zingapo. Ndinaziwerenga usiku nditamaliza kuchonga, dikishonale ili pambali, ndipo ndinadabwa kupeza kuti zonse zikukamba za kampata kanga kaja.

Nkhaniyi ili chonchi. Mu 1901 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, analandira mayi wa zaka 51 dzina lake Auguste Deter pa chipatala cha ku Frankfurt. Mayiyo ankaiwala zinthu zongochitika kumene. Atamwalira mu 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake ndipo anapezamo timibulu towunjikana pakati pa maselo, ndi tiulusi topiringizana mkati mwa maselowo. Lero timibuluto timati amyloid, tiulusito timati tau. Chaka chomwecho cha 1906, Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain analandira mphoto ya Nobel. Iyeyu ndi amene analimbikira kuti maselo a ubongo ndi osiyana, sanalukane kukhala ukonde umodzi. Dzina loti synapse linali litaperekedwa kale mu 1897 ndi Charles Sherrington. Komabe panadutsa zaka zoposa 80 anthu asanalumikize bwino nkhani ziwirizi. Mu 1990 Steven DeKosky ndi Stephen Scheff, kenaka mu 1991 Robert Terry ndi anzake ku San Diego, anasonyeza kuti chimene chimayendera limodzi kwambiri ndi kuchepa kwa nzeru za wodwala ndi kutha kwa ma synapse, kuposa kuchuluka kwa timibulu tija. Vuto linali lakuti ma synapse ankawerengedwa pa maikulosikopu, kutanthauza kuti munthu amwalire kaye, kapena adulidwe kachidutswa ka ubongo. Kampatako n'kochepa zedi, pafupifupi ma nanomita 20 mpaka 40. CT ndi MRI zimaonetsa maonekedwe ndi kukula kwa ubongo, sizingaone zinthu zotere.

Zinasintha mu 2016, pamene akatswiri a pa yunivesite ya Yale ku New Haven, m'dziko la America, anasonyeza koyamba kuchuluka kwa ma synapse mu ubongo wa munthu wamoyo. Njira yake inandisangalatsa ngati mwana. Pa khungu la timatumba tija ndinkajambula pali puloteni yotchedwa SV2A, ndipo imapezeka pafupifupi pa synapse iliyonse. Mankhwala ena a khunyu otchedwa levetiracetam amagwira ntchito pomamatira puloteni imeneyi. Kampani ya ku Belgium imene inapanga mankhwalawo, UCB, inapanganso ena ofanana nawo koma omata kwambiri, otchedwa UCB-J. Akatswiri amalowetsa atomu ya carbon-11 m'mankhwalawa n'kumubaya munthu pamkono. Mankhwalawo amayenda ndi magazi, amafika mu ubongo, n'kukakamira paliponse pamene pali timatumba.

Anzanga a fizikisi, apa ndi panu. Carbon-11 ikamasweka imatulutsa positron. Positron ikakumana ndi electron zonse ziwiri zimatha, m'malo mwake mumatuluka cheza kuwiri kolowera mbali zotsutsana. Munthu amagona mutu uli mkati mwa makina ozungulira ngati mkombero, otchedwa PET, amene amagwira cheza kuwiriko nthawi imodzi, ndipo kompyuta imawerengetsera pamene kwachokera. Pamene pali ma synapse ambiri chithunzi chimawala, pamene atha chimazilala. Koma theka la carbon-11 limatha pa mphindi 20 zilizonse. Pakatha ola limodzi mwatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Simungayiitanitse pa ndege. Makina oipangira, cyclotron, ayenera kukhala pamalo omwewo. Ndikadzaphunzitsa half-life m'malo mwa mnzanga wodwala, chitsanzo ndachipeza.

Mu 2018 Ming-Kai Chen ndi anzake a ku Yale komweko anajambula anthu 10 amene matenda a Alzheimer's anali atangowayamba, ndi okalamba 11 abwinobwino. Mu chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, mankhwala aja anamata mochepa ndi 41 peresenti mwa odwalawo. Mu 2020 Adam Mecca anabwereza ndi odwala 34 ndi anthu abwino 19, ndipo anapeza kuti ma synapse achepa m'madera ambiri a ubongo, kuposa madera amene ubongowo unkaoneka kuti wafota. Nditawerenga mzere umenewu ndinaika pepala pansi. Limeneli linali yankho la mawu a mayi aja. Chithunzi chikhoza kunena kuti ubongo wangochepako pang'ono, pamene kulumikizana kwa mkati mwake kwawonongeka kale kwambiri.

Nanga bwanji ana a 1979 akuwakumbukira, phala la m'mawa ayi? Yankho lili mu hippocampus momwemo. Ndi kachigawo kopindika, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, mkati cha kufupi ndi makutu. Ntchito yake ndi kulemba zatsopano. Zakale kwambiri zinakhazikika kale m'madera ena a ubongo. Izi zinadziwika bwino chifukwa cha munthu wina wa ku America, Henry Molaison, amene mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus kumbali zonse ziwiri pofuna kuthetsa khunyu. Anakhala ndi moyo mpaka 2008. Za ubwana wake ankazikumbukira, koma munthu amene wacheza naye akangotuluka kwa mphindi zochepa, ankamulandiranso ngati mlendo. Tinene kuti makaundula akale ali bwinobwino mu kabati ya ahedi, koma kalaliki wolemba za lero manja ake afooka. Yankho langa la basi lija silinalembedwe paliponse. Kwa bambo, funso lachisanu linali loyamba.

Zonsezi ndi za tsidya lotumiza. Tsopano tiwoloke kampata.

M'kalasi timatchula kwambiri acetylcholine, chifukwa ndi imene ili m'mabuku athu. Koma mankhwala amene amanyamula mauthenga ambiri odzutsa maselo mu ubongo ndi glutamate. Ikatuluka m'timatumba imakafikira pa mapuloteni olandira a selo lachiwiri, ma receptor. Ena mwa iwo, AMPA ndi NMDA, ali ngati zitseko: glutamate ikagogoda amatseguka, ma ion amalowa, uthenga wadutsa. Palinso ena amene si zitseko. Mmodzi mwa iwo ndi mGluR5. Iyeyu amakhala m'mbali mwa synapse, ndipo ntchito yake ndi kusintha mphamvu ya kamvedwe ka selo, monga mmene mumakwezera kapena kutsitsa mawu a wailesi. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo, poyesa mu hippocampus ya akalulu, anasonyeza kuti synapse ikagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza imakhala yamphamvu kwa nthawi yaitali. Pa ma synapse ambiri a hippocampus kulimba kumeneku kumadalira NMDA. Aphunzitsi anzanga, imeneyi ndiye ntchito imene timalandirira malipiro. Tikamati "bwerezani" tikulimbitsa ma synapse a glutamate m'mitu ya ana a eni.

Ndisanapitirire: glutamate imeneyi ndi yofanana ndi imene imakometsa tomato wakupsa ndi timibulu tija tothira mu ndiwo. Katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, ndi amene anazindikira kukoma kwake mu 1908. Koma musakataye zokometsera za kukhitchini chifukwa cha ine. Ubongo umapanga glutamate yakeyake, ndipo ya m'chakudya imatsekeredwa kunja pafupifupi yonse.

Chifukwa chimene akatswiri akuyang'anira mGluR5 n'chakuti akuoneka kuti ndi khomo limene amyloid imadzera powononga synapse. Gulu la Stephen Strittmatter ku Yale linasonyeza mu 2009 kuti tizidutswa ting'onoting'ono ta amyloid, tisanaunjikane kukhala mibulu, timamatira puloteni ya prion pa khungu la selo. Mu 2013 linasonyeza kuti kuchokera pamenepo uthenga woipa umalowa m'selo kudzera mwa mGluR5, ndipo synapse imafooka mpaka kutha. Zambiri mwa izi anaziona mu mbewa za mu labu. Kuti aone mwa anthu, anagwiritsa ntchito mankhwala ena omata mGluR5 otchedwa FPEB, okhala ndi fluorine-18, imene theka lake limatha pa mphindi pafupifupi 110. Mu 2020 Mecca yemwe uja anajambula odwala 16 ndi anthu abwino 15. Mu hippocampus ya odwalawo mGluR5 anachepa ndi 43 peresenti.

Tsidya lino 41, tsidya linalo 43. Doko lokwerera bwato lagumuka, doko lotsikira lagumukanso.

Pano ndiyenera kudzigwira, chifukwa ndimakalipira ana amene amatenga nambala imodzi n'kuimangira nyumba. Anthu 10 kapena 16 ndi ochepa, sakwana n'komwe mzere umodzi wa kalasi yanga. Manambalawa ndi avareji ya gulu, ndipo pali odwala ena amene chithunzi chawo chimafanana ndi cha munthu wabwino. Makinawo sawerenga ma synapse imodziimodzi, amayeza kuchuluka kwa puloteni imene mankhwala amamatira. Ndipo kuchepa kwa mGluR5 kukhoza kutanthauza kuti ma synapse atha, kapenanso kuti selo labweza ma receptor ake mkati. Bambo anga sanalowepo m'makina a PET. Chipatala chimene tinapita chilibe, ndipo ngakhale kumene aliko, kujambula ma synapse ndi ntchito ya kafukufuku. Choncho 41 peresenti si nambala ya bambo.

Chithunzi sichichizanso munthu. Pali mankhwala otchedwa memantine, amene analoledwa ku Ulaya mu 2002 ndi ku America mu 2003. Amatchinga pang'ono zitseko za NMDA kuti glutamate yochuluka isapweteke selo, pakuti ikapyola muyeso imasanduka poizoni. Amathandizako ena kwa kanthawi, koma sabwezeretsa synapse imene yatha. Mankhwala atsopano ochotsa amyloid, lecanemab, analoledwa ku America mu 2023. Pa kafukufuku wa miyezi 18 anachedwetsa kulowa pansi kwa odwala ndi 27 peresenti, ndipo mtengo wake unaikidwa pa madola 26,500 pachaka. Werengetsani nokha ndi malipiro athu. Bungwe la WHO linati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi dementia, ndipo oposa 60 peresenti anali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Makina ali kwina, odwala ambiri ali kwina. Zimenezi zimandipsetsa mtima, koma si zimene ndakhalira pansi kulemba.

Ndinapita kumudzi ndi choko m'thumba. Ndinakhala ndi mayi kukhitchini n'kujambula pa chitseko kachibonga kaja, timatumba, kampata, ndi tsidya linalo. Kwa nthawi yoyamba pa zaka 19 ndinafotokoza synapse m'Chichewa. Zinandivuta kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndinazindikira kuti mwina ena mwa inu munkangoloweza chifukwa inenso ndinkangobwereza Chingerezi cha m'buku. Pomaliza ndinawakumbutsa za namondwe Freddy mu 2023, mmene midzi ina inatsalira nyumba zili chilili, anthu alimo, koma milatho itakokoloka, osatha kufikako ngakhale ndi thumba la ufa. Ndinati m'mutu mwa bambo milatho ikukokoloka, ndipo yayamba ndi ya kumene kumalembedwa za lero. Sindinawabise kuti m'kupita kwa nthawi nyumba zomwe zidzayamba kugwa.

Mayi anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kuti sakuchita dala?" Ndinati ayi. Anatenga nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso. Anandiuza kuti kwa miyezi yambiri bambo akanena kuti sanadye, iwo ankawaonetsa mbale yakuda n'kuwanena kuti ndi wosayamika, pambuyo pa zaka 50 za ukwati. Ndinawauza za basi ija. Tinakhala choncho mpaka madzi a pamoto anaphwa.

M'mawa mwake ndinapita kwa amfumu ndi kalata ya kuchipatala, ndipo anandilola kulankhula pa msonkhano wa mudzi. Sindinatchule SV2A. Ndinangoti matendawa ali ndi dzina, madokotala amatha kuwaona pa chithunzi, ndipo amagwira azungu, amwenye ndi ife chimodzimodzi. Ndinapempha kuti amene awapeze akuyenda okha asawafunse kuti mukufuna chiyani kuno, koma awapatse moni kuti "ahedi", awafunse za sukulu, n'kuyenda nawo mpaka kunyumba. Theka la anthu amene anakhala pansi pa mtengo paja anaphunzitsidwa ndi bambo. Azakhali sanasinthe maganizo pa za munda wa kudambo, ndipo ndasiya kulimbana nawo. Koma kawiri konse tsopano anyamata a kabaza awabweretsa kunyumba osalipiritsa.

Teremu yathayi nditafika pa mutu wa coordination ndinajambulanso chithunzi chija, koma ndinatha mapiriyodi awiri m'malo mwa theka la imodzi. Ndinafunsa kuti ndani ali ndi agogo amene amafunsa funso limodzi kambirimbiri. M'kalasi ya ana 70, manja 9 anakwera, ena mwamanyazi. Mnyamata wina anatsalira ena atatuluka, n'kundifunsa ngati matendawa ndi opatsirana, chifukwa kwawo anasiya kudyera mbale imodzi ndi agogo ake. Ndinamuuza kuti sapatsirana. Silabasi ndatsalira nayo sabata imodzi, ndipo a dipatimenti andikumbutsa kale.

Mwezi watha ndinapitanso kumudzi. Chithunzi chija chikadali pa chitseko cha khitchini, mayi analetsa adzukulu kuchifufuta. Bambo anaima patsogolo pake manja ali kumbuyo, monga ankachitira poyendera makalasi. Anachiyang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti, "Wajambula ndani apa? Sanalembe deti, mutu sanautseke mzere." Ndinati ndine, ndipo ndikonza. Ananditembenukira, nkhope yawo n'kuwala ngati ndangofika kumene, ngakhale tinali titadyera limodzi nsima masana omwewo.

"Aphunzitsi! Mwabwera pa basi yanji?"

"Ya 6 koloko, bambo."

"Inadzaza?"

"Inadzaza kwambiri. Ena anaimirira mpaka pa boma."